Foni Sinalire Loweruka

Zithunzi za ziboliboli zinali zitakwera theka pamene kompyuta inalemba kuti laini yaduka. Phoebe anamenya tebulo.

"Ndani wanyamula foni?"

"Ndine, mwanawe," anayankha mawu amanyazi pabalaza. "Ndimangofuna ndimve ngati ili moyo."

Anali mayi Filomena a nyumba yakuseri, aja ogulitsa zitumbuwa pa siteji ya minibasi. Phoebe anameza mawu oipa amene anali kale pamlomo.

Mumdadada wonsewo ku Zingwangwa, foni inali kwa a Mwafulirwa okha, bambo ake a Phoebe, ogwira ntchito m'boma. Koma nambala yake inali ya aliyense. Anthu ankaipereka kwa abale awo kumudzi ngati yawoyawo, ndipo uthenga wa matenda kapena maliro unkafikira pabalaza pomwepo. Wolandira ankathamanga kukaitana mwini uthenga, ngakhale ali pakati pa kusamba.

Chaka chimenecho cha 1998 intaneti inali ikadali yachilendo mu Blantyre. Phoebe anavutika miyezi yambiri kuphunzira kupanga masamba ake kuchokera m'buku lofotokopa, lomwe mizere ina ankachita kulota. Kampani ina ya ku Makata yogulitsa ziboliboli kunja inamutenga moyesa. Anaipangira tsamba loti munthu ali ku Ulaya aone njovu yosema, alembe dzina lake, adine, oda ifike. Pa kompyuta imene anamubwereka zonse zinkayenda bwino. Chotsala chinali kuzikweza ku seva, kompyuta ina yakutali, kuti dziko lonse lizione. Abwana sanapsatire mawu: Lolemba tsamba lioneke, apo ayi ntchito ipita kwa wina.

Tsoka lake, kompyuta ndi foni zinkadyera chingwe chimodzi. Kompyuta ikalumikizana, woimba sangalowe. Wina akanyamula foni, zonse zimaduka. Bambo ake anali atamuletsa kutsekereza laini ya anthu, ndiye mpata wake unali Loweruka limenelo basi, makolo atapita ku chinkhoswe ku Bangwe.

"Achimwene anga a Rafaeli anati aimba lero kuchokera ku Phalombe," anatero mayi Filomena akupotokola nsonga ya chitenje. "Amayi asiya kudya. Anati zikafika povuta andiuza, ndikwere basi yamasana."

"Pitani mukayang'ane mafuta pamoto, mayi. Ikalira ndikuitanani."

"Ndithu, mwanawe? Paja ukakhala pa chiwailesi chakocho sumva ngakhale bingu."

"Ndithu."

Phoebe ankadziwa bwino lomwe kuti foniyo singalire. Anadzinamiza kuti n'kanthawi kochepa chabe. Mayiwo atangotuluka, anazula chingwe cha foni ya pabalaza, n'kuyambiranso.

Kanthawi kochepako kanadya tsiku. Zithunzi zinkakwera ngati lole yodzaza njerwa pachitunda. Zitatha, tsamba linaoneka, koma batani la oda linakana kugwira ntchito. Anafufuza m'buku lake mpaka mutu kuwawa, n'kupeza kuti kapulogalamu kolandira maoda anakaika m'foda yolakwika. Anakasuntha, anayesa, zinakana, anakwezanso.

Mayi Filomena anabwera pawindo, manja ali ufa wokhawokha.

"Sinalire?"

"Sinalire, mayi."

Bodza panalibe, ndipo n'chimene chinkamuluma kwambiri. Mayiwo atabweranso masana, anamubweretsera zitumbuwa zotentha papepala.

"Idya, ungakomoke. Kusaimba kwawoku ndiye kuti akupezako bwino, eti?"

"Mwina," anatero Phoebe osatembenuka.

Dzuwa litapendeka, analemba dzina lake patsambalo, anasankha njovu, anadina. Oda inadutsa. Anadumpha n'kuvina yekhayekha m'chipinda, chifukwa chinthu chopangidwa ndi manja ake ku Zingwangwa tsopano chinali poti aliyense achione. Anabwezera chingwe cha foni makolo asanafike.

Lamlungu pochokera kutchalitchi anamva kulira kuseri kwa nyumba. Pakhonde pa mayi Filomena panakhala bambo wa jekete lafumbi, chipewa chili pabondo. Anali a Rafaeli. A Mwafulirwa ndi akazi awo anakhala pansi kupepesa, Phoebe anaima pakona.

"Ndinaima pa foni ya makobidi kuyambira m'mawa," a Rafaeli ankafotokoza. "Ndikaimba, tu-tu-tu, ngati wina akuyankhula. Mpaka anzanga pamzere kunditukwana. Amayi ankangofunsa kuti, Filomena wafika? Atisiya dzuwa litalowa. Basi yamasana ija ikadamufikitsa mlongo wanga amayi akadali moyo."

"Koma dzulo kunyumba kunalibe woyankhula pafoni," anatero a Mwafulirwa modabwa. "Kunali Phoebe yekha ndi..."

Sanamalize. Anatembenuka n'kuyang'ana mwana wawo, ndipo anthu onse pakhondepo anatsatira maso awo.

Mayi Filomena anatuluka atanyamula kachikwama ka ulendo. Anaima pamaso pa Phoebe, maso ali psuu. Phoebe anafuna kuti amukalipire, amumenye kumene, koma mayiwo anangofunsa motsitsa.

"Za azungu zija zinatheka?"

"Zinatheka, mayi."

"Chabwino."

Anatsetsereka ndi mchimwene wawo kukakwera minibasi ya ku Limbe.

Lolemba abwana anatsegula tsamba, anagwedeza mutu mokhutira, ntchito n'kukhala ya Phoebe. Kunyumba sanauze munthu mpaka amayi ake atachita kufunsa.

Mayi Filomena anabwerako atameta. Sanadandaule kwa aliyense, ndipo moni ankapereka. Kungoti "mwanawe" uja anatha. Tsopano ankati, "Mwadzuka bwanji, a Phoebe?" n'kudutsa. Pang'onopang'ono anthu a mumdadadamo anayamba kupatsa abale awo nambala ya golosale ya a Bashiru, ngakhale inali kutali, kutsidya kwa msewu.

Laini inatsala ya Phoebe yekha. Ankakweza masamba tsiku lonse popanda woidula. Koma nthawi zina ankasiya ntchito pakati, n'kupita pabalaza kukanyamula foni, kuti angomva ngati ili moyo.