Duwa la Pamsewu wa Mabeskraal

Kulusumu anachoka ku Mangochi kutsatira mwamuna wake, Che Salehe, amene anali atagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri pansi pa mgodi wa pulatinamu kudziko la eni. Ankakhala m'zipinda ziwiri za lendi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachitswana ku Lefaragatlha, ndipo mayiyo analola Kulusumu kulima mbali ina ya bwalo. Anabzala mpiru, nkhwani, therere ndi tomato. Loweruka anthu a kumudzi okhala kukomboni ya Freedom Park ankabwera kudzagula nkhwani, poti m'masitolo simupezeka.

Duwalo analipeza mu Januwale, akuchokera ku ukwati ku Mabeskraal. Takisi imene anakwera inaphulika tayala, ndipo anthu ali chiimire m'mphepete mwa msewu, iye anaona maluwa apinki, ofewa ngati kampira ka ulusi ka pachipewa cha khanda. Anazula tsinde limodzi ndi mizu yake n'kulikulunga m'chitenje.

"Ndiye m'dimba la ndiwo mukufunamonso maluwa?" anaseka Che Salehe.

"Zobiriwira zokhazokha zimatopetsa maso, bambo a Amira," anayankha.

Chaka choyamba linali tsinde limodzi pakona. Mvula yachiwiri itagwa, maluwawo anatuluka ochuluka osawerengeka, ena pakati pa tomato. Kulusumu anawadula ndi khasu, koma patatha milungu iwiri paliponse pamene anadulapo panaphuka atatu kapena anayi. M'chilimwe Che Salehe anatentha mapesi ake ouma. Chaka chachitatu dimba lonse linali lapinki, mpiru utapinimbira pansi pake.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa ku Tete dzina lake Armindo, kudzagula therere. Ankagwira ntchito m'gulu lochotsa zomera zachilendo m'mafamu ndi m'mitsinje. Anaima pageti pakamwa pali yasa.

"Mayi, chimenechi munachitenga kuti?"

Kulusumu anafotokoza.

"Dzina lake ndi pompomu. Si cha kuno, chinachokera kutsidya kwa nyanja, ku South America. Ng'ombe sizichidya. Khasu limachichulukitsa, moto umangochilambulira malo. Bwanji mundibwereke piki, muone nokha."

Armindo anakumba mozungulira tsinde loyamba lija, pang'onopang'ono, mpaka thukuta linadutsa malaya. Kenaka iye ndi Che Salehe anagwira awiri n'kukoka. Chinatuluka chimtolo cha mizu chachikulu ngati beseni losambira, mizu yonenepa ngati chinangwa chanthete, yoposa makumi atatu, ina yotalika ngati mkono. Pamwamba pake panali timaso tambirimbiri toyembekeza kuphuka.

"Subhanallah," anatero Che Salehe motsitsa mawu. Anagwada n'kuchipapasa. "Zaka zonsezi ndimalowa pansi pa nthaka tsiku ndi tsiku, koma zotere sindinazionepo. Uyutu ndi namasupuni wa mu Shire, kungoti wapamtunda."

"Simunaonebe kanthu, achimwene. Lamlungu ndikutengani."

Lamlungu m'mawa Armindo anayenda nawo mpaka kuseri kwa chimulu cha dothi lotuluka mumgodi. Atakwera kachitunda, Kulusumu anaima chilili. Chigwa chonse, kuyambira pamapazi pake mpaka kunsanja ya mgodi imene inkaoneka patali, chinali chapinki, popanda ndi pamodzi pomwe poonekera udzu. Mphepo ikawomba maluwa onse ankawerama pamodzi, ndipo njere zaubweya zinkauluka ngati utsi, zina kutera pampango wake.

"Ndinayamba ntchito kuno kuli ng'ombe zodya msipu," anatero Armindo.

Chiyambire Kulusumu anali asanaonepo chinthu chokongola chotero, komabe khungu lake linachita tsemwe.

Armindo anawaitanira pamalo ena pamene mapesi anali afupiafupi, nsonga zake zopotoka, zopanda duwa. Anatsegula tsamba limodzi ndi chikhadabo. M'kati mwake munkayenda kachilombo kakuda, kochepa ngati nsabwe.

"Akatswiri anakatenga aka kwawo kwa duwali. Anayamba akayesa nthawi yaitali kuti aone ngati sikadya mbewu zina. Kamadya chokhachi basi."

Kulusumu anayang'ana kachilomboko, n'kuyang'ananso chigwa chonse chija.

"Kameneka, kulimbana ndi zonsezi?"

"Sikangamalize kokha. Koma pamene kakhazikika, njere zimachepa."

Che Salehe anagwira tsambalo nthawi yaitali pafupi ndi maso, akupukusa mutu.

Kunyumba anachita monga anawauzira Armindo. Kulusumu ankayamba wadula maluwa onse ndi sizasi, kuwaika m'matumba apulasitiki akuda, kumanga kukamwa n'kuwasiya padzuwa kuti awolere momwemo. Che Salehe akaweruka ankakumba mitolo ya mizu, isanu kapena isanu ndi umodzi patsiku, Kulusumu akusefa dothi ndi zala kuti pasatsale kachidutswa. Manja anatuluka matuza, kenaka anauma.

Panali chinanso chomuvutitsa mumtima. Duwalo anali atagawirako anansi atatu. Anapita khomo ndi khomo atanyamula mtolo wa mizu uja m'ndowa. Awiri atauona anazula awo tsiku lomwelo. Wachitatu, Cecília wa ku Mozambiki, anakana.

"Ndinu munandipatsa, asisi, lero mukuti ndi loipa? Langa ndimalisamala."

Kulusumu anangopempha kuti azidula maluwa asanakhwime njere, ndipo Cecília anavomera monyinyirika.

Zinatenga mvula ziwiri kuti mpiru ubwerere mwakale. Timbande tatsopano timamerabe, chifukwa mphepo ya kuchigwa siisiya kubweretsa njere, koma Kulusumu amatizindikira msanga ndi masamba ake aubweya okhala ndi timano m'mphepete, ndipo amatizula mizu isananenepe. Cecília anapirira chaka chimodzi. Anyezi ake atalephera chifukwa cha duwalo, anabwera m'mawa wina kudzabwereka piki, ndipo Kulusumu anamutsatira atatenga matumba.