Wailesi ndi Madokotala Ake

"Yasamula kwambiri, mayi wamng'ono," anatero adokotala, ndipo mwana wanga anatsegula kukamwa konse ngati kamwana ka mbalame kolandira chiwala.

Adokotala anasuzumira ndi kagalasi kawo, nagogoda apa ndi apo, kenako anatsitsa kansalu kakumphuno n'kundiyang'ana.

"Bambo, mano awa ndi abwino kuposa anga. Likuwawa ndi liti?"

"Si dzino ayi, adokotala. Ndi chilonda cha pakhutu."

"Nanga kwa dokotala wa mano kuno mwadzatani?"

Mwini khutu anandiyankhira. "Ndinawauza ine. Ababa safuna kufunsa njira. Anangoona mzere waufupi, basi n'kuimapo."

Adokotala anaseka mpaka kugwira mpando. Namwino wawo anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Nanenso ndinaseka, poti ndikanatani? Mwanayo ananena zoona.

Kwathu tonse timamutcha Wailesi, chifukwa chiyambire kuyankhula sanapezeke womutseka. Nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atangoyamba sukulu. Anabadwa ndi khungu lachialubino, tsitsi lofiirira ngati ndevu za chimanga, ndi timaso tosakhazikika, tovina uku ndi uku. Pamwamba pa khutu lake lamanzere panatuluka chilonda chimene chinakana kupola. Tinayesa kuchipatala chaching'ono cha pafupi ndi kwathu, tinagula mankhwala opaka m'masitolo, koma chilondacho chinkangouma lero, mawa chayambiranso. Anthu odziwa zonse anayamba kutinong'oneza dzina la matenda limene ife sitinkafuna kulitchula m'nyumba. Mnzanga wina amene timapenta naye nyumba ndiye anandiuza kuti kuchipatala chachikulu kuli dokotala woona za khungu basi. Tsiku limenelo ndinasiya bulashi m'madzi, tinanyamuka.

M'chipinda chonsecho munthu mmodzi yekha ndiye sanaseke. Mkazi wanga anakhala pakona, chikwama atachikumbatira pachifuwa, maso ali pansi. Ndinamukwatira ali mkazi wa phwete lomveka nyumba yachitatu, koma chibadwire Wailesi phwetelo linazimirira pang'onopang'ono. Mwanayo ankamukonda mochita kuopsa. Koma akamatuluka naye ankasankha njira zakuseri, ndipo ku zisangalalo anasiya kupita.

"Musachite manyazi," anatero dokotala wa mano akupukuta misozi. "Makonde a chipatala chino ndi opotana ngati matumbo. Inenso chaka changa choyamba ndinkasochera. Anamwino, aperekezeni kwa mayi aja a khungu, angakathere kochirira amayi apakati."

Wailesi anatsika pampando monyinyirika. Ali pakhomo anatembenuka. "Mano anga akayamba kugwedera ndidzabwera. Ndidzabwera ndekha, njira ndaidziwa."

Dokotala wa khungu anali mayi wamfupi, waimvi, wovala nsapato zothamangira. Ife akuluakulu anangotigwedezera mutu, koma anagwada pamaso pa Wailesi n'kumupatsa moni wa padzanja. Anamukhazika pabedi lalitali, nayatsa kanyali kokhala ndi galasi, n'kuyamba kuyendera khutu, khosi, milomo, mikono, mpaka kuseri kwa mawondo. Sanafulumire. Mkazi wanga anali ataluma mlomo.

Adokotala anazimitsa kanyali kaja.

"Choyamba ndichotse chimene chakusowetsani tulo. Iyi si khansa. Ladya apa ndi dzuwa, ndipo mayi wamng'onoyu wakhala akuthandizira ndi zikhadabo."

"Pamayabwa!" anadziteteza Wailesi.

Ndinangopezeka ndakhala pa kampando ka ana, mawondo ali kuchibwano. Adokotala anatipatsa mankhwala a chilondacho, kenako anatulutsa botolo la mafuta oteteza ku dzuwa ndi chipewa cha mlomo waukulu. Anatiphunzitsa kupaka mmawa uliwonse, kubwerezanso masana, osaiwala makutu, kumbuyo kwa khosi ndi kuseri kwa manja. Anati malaya akhale a manja aatali, ndipo tizibwera naye kawirikawiri ngakhale asakudwala. Wailesi anayeserera pa mphuno yanga, naipaka mokhuthala.

"Ababa amapenta nyumba za anthu," anauza adokotala. "Lero ndawapenta ndine."

Pamene tinkakonzeka kutuluka, mwanayo anatola kabuku ka zithunzi patebulo n'kukagunditsa pamphuno, monga amachitira nthawi zonse. Adokotala anamuyang'ana kanthawi.

"Kusukulu zikuyenda bwanji?"

Ndinakanda m'mutu. Aphunzitsi anali atatiitana kale kutiuza kuti mwanayo ndi wosamva, sakopera za pabolodi, amangosokoneza anzake ndi nkhani.

"Pabolodi pamakhala chiyani, mayi?" adokotala anafunsa Wailesi.

"Utsi. Aphunzitsi amalemba utsi, ndiye ndimafunsa anzanga. Akandiuza, ndimawauzako zanga."

"Mwamva? Mutuwu ulibe vuto. Akufunika dokotala wa maso, ndipo ndikutumizani kwa mnzanga wodziwa maso a ana ngati ameneyu." Kenako anakoka mpando nakhala moyang'anana ndi mkazi wanga. "Mwanayu mwamusamala bwino, khungu lake likuchitira umboni. Nanga inuyo mayi, amakusamalani ndani?"

Mkazi wanga anangogwetsa misozi, yambiri, yopanda phokoso. Namwino anamutenga Wailesi kukamuonetsa sikelo. Adokotala anadikira mpaka mkazi wanga atapuma, kenako anati m'chipinda cham'mwamba muli mlangizi wa za maganizo, munthu wodziwa kumvetsera, ndipo zingakhale bwino atakacheza naye.

Apa ine ndinadzuka pa kampando kaja. "Pepani adokotala, mkazi wanga mutu wake ndi wabwinobwino."

"Ndikudziwa. Paja mwana wati mumapenta nyumba? Mukaona mng'alu pakhoma, mumadikira ligwe kaye?"

"Ayi, timamata."

"Kapena mumangopakapo penti kuti eni nyumba asaone?"

Ndinakhalanso pansi.

Kuyambira sabata yotsatira, mkazi wanga ankakwera masitepe aja, ine ndi Wailesi n'kutsala pabenchi ya pansi. Mwanayo sanachedwe kutchuka. Ankadziwa amene wathyoka mwendo pa njinga, amene akudikira mapasa, ndi agogo amene anataya mano awo oikirira m'basi. Odwala osochera ankawalozera njira ndi chala, chipewa chili pendeke. Khutu linauma, nkhanambo inagwa, panatsala kachipsera kosaoneka bwino.

Zimene ankakambirana m'mwambamo sindinkafunsa. Ndinkangoona kuti mkazi wanga akamatsika, nthawi zina maso ali ofiira, mapewa ake ankaoneka opepuka. Tsiku lina anatsika n'kundikodola.

"Bambo a Wailesi, akuti lero mukwere nanu."

Ndinamusiya mwana ndi namwino uja, ndinakwera ngati wopita kukazengedwa mlandu. M'chipindamo munalibe bedi kapena jakisoni. Munali mipando yofewa, duwa m'chitini pawindo, ndi bambo wina wodekha, wa dazi lowala, amene anandipatsa moni ngati tinakulira limodzi.

"Akazi anu ali ndi mawu amene akhala akuwasenza okha," anatero mlangiziyo. "Ine ntchito yanga lero ndi kukhala chete."

Mkazi wanga anapotokola mpango m'manja. Anati tsiku limene Wailesi anabadwa, azakhali anga ena anabwera kudzaona mwana, namuvundukula, n'kunena chapansipansi kuti zoterezi kumtundu kwathu kulibe, zachokera kuchikazi. Ine ndinali panja, sindinamve. Iye anawameza mawuwo, ndipo zaka zonsezi ankakhulupirira kuti ndiye anamulakwira mwanayo, kuti dzuwa likamamuwotcha, anthu akamamucheukira pamsewu, wolakwa ndi iye.

"Palibe wolakwa," anatero mlangizi. "Ndipo madokotala amanena momveka kuti mwana amabadwa chonchi pokhapokha bambo ndi mayi onse awiri atamupatsira. Mbali imodzi payokha siingathe."

"Onse awiri?" ndinafunsa. "Ndiye kuti theka ndi langa?"

"Theka ndi lanu."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinadzimenya pachifuwa. "Ndinkadabwa ine kuti kukongola konseku mwana ameneyu anakutenga kuti! Mayi a Wailesi, zaka zonsezi mwakhala mukudya nokha ulemu wa anthu awiri?"

Mkazi wanga anandiyang'ana, misozi ili m'masaya. Kenako linaphulika phwete lija, lonse lathunthu, mpaka mlangizi anadzidzimuka pampando.

"Kukongola kwa chiyani?" anatero akupuma movutikira. "Chimene anatengera kwa inu ndi pakamwa!"

Tinatsika masitepe tikukankhana ngati ana asukulu. Mlangizi uja analumikizanso mkazi wanga ndi amayi ena olera ana achialubino, amene ankakumana pachipatala pomwepo mwezi ndi mwezi. Atapitako koyamba anabwerako ndi nkhani zambiri kuposa za Wailesi, ndi luso losoka zipewa.

Kwa dokotala wa maso tinadikira nthawi yaitali kuti tipeze malo, chifukwa anali mmodzi ndipo omufuna anali ambiri. Anali mnyamata wamtali, wowerama ngati nsungwi, woyankhula motsitsa. Anamulowetsa Wailesi m'chipinda chamdima, namuveka chigalasi cholemera chokhala ngati cha owotcherera zitsulo, n'kumasinthasintha timagalasi.

"Apa ndi apa, pabwino ndi pati?"

"Poyamba paja. Ayi, bwererani. Inu adokotala, mukufulumira ngati muli ndi ulendo."

Atamaliza anatiuza zoona zokhazokha. Anati magalasi sadzamupatsa maso a mphamba, ndipo kuvina kwa maso sikudzatheratu. Koma adzaona bwino kuposa kale, makamaka akamakhala kutsogolo m'kalasi ndi kupatsidwa zilembo zikuluzikulu. Analonjeza kuwafotokozera yekha aphunzitsi.

Tsiku lokatenga magalasi tinapita tonse atatu, ndipo mkazi wanga ndiye anatsogolera, kudzera msewu waukulu. Anali magalasi a mafelemu ofiira, osankha mwini wake, oderako pang'ono kuti kuwala kusamamulase. Adokotala anamukoleka m'makutu, nakonza kumbuyo, n'kubwerera m'mbuyo.

Wailesi anazima.

Sindinamuonepo ali chete chotero ali maso. Anayang'ana denga. Anayang'ana dzanja lake, kulitembenuza. Anayang'ana pawindo, pamene mtengo unkagwedezeka ndi mphepo. Kenako anabwera kwa ine, nandikoka kolala kuti ndiwerame, n'kundiyendera nkhope yonse.

"Ababa," ananong'ona, "muli ndi tsitsi m'mphuno."

"Ndi la banja lathu limenelo, mwanawe."

"Ndiponso mwakalamba. Munayamba liti?"

Dokotala wa maso anabisa nkhope kuseri kwa faelo. Wailesi anandisiya napita kwa mayi ake. Mkazi wanga anagwada. Mwanayo anamugwira masaya ndi manja onse awiri, nayendetsa chala pa nsidze, pa kadontho kakuda ka pansi pa diso, pa mpata wa mano. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Amama, kodi ndinu okongola chonchi? Bwanji simunandiuze?"

Mkazi wanga anangomukumbatira, magalasi atsopanowo mpaka kupendekeka, ndipo adokotala anachita kubwera kudzawawongola. Potsazikana anatsegula kabati n'kumupatsa Wailesi galasi lozungulira la chogwirira, lokuzira zilembo zing'onozing'ono. Anati ndi la m'kalasi, alisamale.

Galasilo linafika m'kalasi mochedwa. Titangofika kunyumba, mkazi wanga anatchera ndowa pampopi kuti achape, ine ndinakhala pakhonde kutsuka mabulashi. Wailesi anazimiririka kuseri kwa nyumba, chipewa kumutu, galasi lake m'manja. Posakhalitsa tinamva kukuwa.

"Amama! Amama, thamangani!"

Mkazi wanga anataya sopo. Nanenso ndinadumpha. Tinamupeza pamthunzi wa khoma atagwada, chigongono pansi, galasi lili pafupi ndi dothi.

"Nyerere zili ndi miyendo!" anatero osadzutsa mutu. "Ndimayesa zimangotsetsereka! Taonani iyi, yanyamula katundu pamutu ngati ikusamuka. Iyi ikupatsa moni inzake. Amama, bwerani muone, koma musaziponde."

Mkazi wanga anakwinya siketi yake yopitira kuchipatala, nagwada m'fumbi momwemo. Anagunditsa mutu wake ku chipewa cha mwana, diso limodzi atatsinzina, akulandirana galasi.

"Iyo yatsalira m'mbuyo ndi bambo ako," ndinamumva akutero. "Yasochera, koma siifunsa."

Anaseka onse awiri, mitu ili pamodzi. Kumpopi ndowa inali itadzaza kale, madzi akusefukira n'kuyenderera pabwalo, kulambalala sopo uja. Ndinaima ndi bulashi yodontha m'manja, ndipo sindinapite kukatseka.