Ana a Bulugamu wa Abílio

Kuyambira tsiku limene akatswiri a kampani yopanga mapepala anapaka utoto wofiira pa bulugamu wa kuseri kwa nyumba yake, Abílio Seixas anasiya kuyenda ngati anthu ena onse a m'tawuni ya Águeda. Mtengowo unali wowongoka ngati kandulo ya m'tchalitchi, ndipo akatswiriwo anati ulusi wake ndi wabwino kwambiri pophika phala la mapepala. Anadula mphukira zake n'kukazimeretsa ku nazale, kotero kuti mbande iliyonse yochokera kumeneko inali mtengo womwewo, wobadwanso kachiwiri. Anamufotokozera zambiri, koma iye anatolapo chimodzi: zonse ndi magazi.

N'chifukwa chake Telmo atabwera kudzapempha kukwatira Graciete, mwana wake yekhayo, Abílio sanaone mnyamatayo ayi. Anaona bambo wake, Custódio, munthu wodziwika m'dera lonse kuti amagona pansi pa mpesa dzuwa lili paliwombo, khasu lili poteropo.

"Mtengo wokhota subereka wowongoka," anatero Abílio.

"Bambo, Telmo si mtengo," anayankha Graciete.

"Vuto lake ndi limenelo. Akanakhala mtengo bwenzi titamuyeza."

Mkazi wake Ermelinda, amene ankacheka mkate wa chimanga, sanatukule n'komwe mutu. "Inuyo bambo anga akanakuyezani, bwenzi pano ine ndili sisitere."

Abílio anachita ngati sanamve. Anatulutsa mbande za mtengo wake uja n'kuzigawa pawiri. "Iwe mnyamata, izi ukadzale kumunda kwa bambo ako kudambo kuja. Izi ndikadzala kwanga, kuphiri la Caramulo. Mitengo yako ikadzangofika m'mapewa mwa yanga, udzabwere ndi mphete." Mumtima ankaseka, poti manja a m'banja la alesi akanapha ngakhale chisoso.

Mitengo yake anaisamala ngati makanda. Anathira feteleza, anapalira, nthawi zina ankailankhula. Koma kuphiriko dothi ndi la miyala, ndipo chaka chilichonse chisanu chinkawaula nsonga zanthete. Mitengoyo inkaphukira m'mbali n'kumangotambalala ngati zitsamba. Kudambo kwa Custódio sankapitako. Akamapita kumsika ankazungulira njira yaitali, ati yachidule ili ndi maenje.

Zaka zinapita ndithu, mpaka Graciete anatopa. "Lamlungu tikatuluka ku Misa mukaone mitengo ija, bambo. Mukakana, ine ndi Telmo tikupita kudziko la Luxembourg kwa azakhali, ndipo ukwati wanga mudzauonera pa foni."

Abílio anapita atavala jekete la maliro, Ermelinda, Graciete ndi Telmo ali pambuyo pake. Asanafike n'komwe anayamba kumva fungo la bulugamu. Kumeneko nkhungu ya kunyanja imafika m'mawa uliwonse, dothi ndi lakuda, chisanu sichidziwako njira. Mitengo inali itaima m'mizere, yosalala, yowongoka, yoti poyang'ana nsonga chipewa chimagwa. Pansi pa umodzi panali Custódio, ali chagada, botolo la vinyo lili pambali.

"Munathira chiyani, a Custódio?" anafunsa Abílio.

"Ine? Kuthira ndimathira m'kapu, achimwene. Telmo anangodzala n'kumapita ku ntchito kwake. Ine ndimangoilondera kuti isathawe."

Telmo ankapotokola chipewa m'manja. Graciete anayang'ana bambo ake, kudikira mawu amene sanawamvepo chibadwire, akuti ndinalakwa. Abílio anayendetsa dzanja pa khungwa la mtengo, anauzungulira, kenako nkhope yake inawala.

"Mwaona?" anafuula. "Magazi a kwathu amenewa! Ungawataye pakati pa alesi, amakula basi! Graciete, kwatiwa mwana wanga. Anthu awa sangakuwononge, alephera ndi mtengo womwe."

"Zikomo, bambo," anatero Telmo, asakudziwa ngati wayamikiridwa kapena watukwanidwa.

"Nanga zitsamba zanu za kuphiri zija ndi magazi a yani?" anafunsa Ermelinda.

"Anandisinthira mbande ku nazale."

"Si munagawa nokha patebulo, ine ndikuona?"

"Mayi, lero ndi tsiku lachisangalalo."

Custódio anasendera pang'ono n'kumenya pansi ndi chikhatho. "Khalani apa, achimwene, mthunziwu ndi wanu womwe." Abílio anakhala, ati pang'ono chabe, poti iye si munthu wokhala pansi masana. Analandira kapu imodzi chifukwa cha ulemu, yachiwiri chifukwa cha ukwati. Kamphepo kankagwedeza masamba kumwamba. Pamene achinyamatawo ankamaliza kukambirana za tsiku lokaonana ndi wansembe, madoda awiri aja anali akuliza mkonono mopikisana, zipewa zili kumaso.

Graciete anafuna kuwadzutsa, koma Ermelinda anamugwira mkono.

"Asiye bambo ako," anatero. "Dothi la kuno lawayanja."