Kamera ya Ubweya ya ba Fidelis

Chaka chomwe sopo tinkamumva dzina lokha, Juni anabwera ndi chisanu chothyola mano ku Mpanshya. Ba Emeliana anali ndi anapiye achizungu omwe anawalandira ku gulu la amayi a tchalitchi, ndipo ankawakonda kuposa amuna awo. Izi sindikunena mwamiseche, amuna awowo ankadziwa.

Ba Emeliana ataitanidwa kumaliro ku Chinyunyu, anasiyira amuna awowo, ba Fidelis, kanyumba ka anapiye ndi mbaula yake.

"Ba Fidelis, tunkhuku utu tukafa na mphepo, tizakambilana," anatero potuluka.

Ba Fidelis, wophikira ansembe, anali munthu woti akaona chinthu kamodzi, basi wasanduka mphunzitsi wake. Ataona anapiye aunjikana pakona akunjenjemera, anakumbukira chithunzi chomwe anachiona m'magazini ya bambo mfumu: ku Ulaya kuli kamera yojambula kutentha, ndipo pomwe nyumba ikutaya kutentha pamaoneka pofiira.

"Manje kamera yamene iyo muzaipeza kuti?" anafunsa ba Wilfred, mnansi wawo, atatsamira njinga.

"Imwe, pusi ni kamera. Pamene pali potentha, eve ndiye ayamba kuziba."

Anabwereka mphaka wa ba Wilfred yemweyo, wowonda ngati chingwe, nayamba kumuzungulitsa kanyumba. Pomwe mphaka wanunkhiza, iwo ankalemba ndi khala kenako n'kumata dothi. Atafika kuseri, mphaka anakana kusuntha. Anayamba kukanda pansi pa khoma, mchira ukugwedezeka, maso ali tong'o.

"Mwaona? Apa ndiye pa red!" anakuwa ba Fidelis.

Kabowo kanalipodi, komwe makoswe anaboola. Dothi linali litatha, choncho anauza kamera kuti idikire pomwepo, iwo nathamangira kudambo. Ba Wilfred nawo anapita kukapopa tayala.

Pobwera, mphaka panalibe. Ba Fidelis anangoti ntchito yake wamaliza, wapita kwawo. Anamata bowolo mwaluso, nasalaza ndi chikhatho, nakhala pachitsa kudikira kutamandidwa. M'katimo munamveka phokoso pang'ono, iwo n'kumati anapiye akusangalala.

Ba Emeliana anatsika basi dzuwa litapendeka. Asanatule n'komwe katundu, amuna awo anawakokera kukanyumba akufotokoza za sayansi ya ku Ulaya. Atatsegula chitseko, munatuluka mpweya wofunda bwino, kunena zoona. Pambali pa mbaula panagona mphaka, mimba ili ndendende, nthenga zachikasu zili kukamwa.

Ba Emeliana anayang'ana mphaka, nayang'ana amuna awo.

"Kamera yanu yakhuta," anatero.

Ba Fidelis anachita manyazi. Mayiyo anagwada, natulutsa kamwanapiye kamodzi komwe kanabisala kuseri kwa chigubu, nakaika pachifuwa m'kati mwa bulauzi. Kumeneko n'komwe kanakhala mpaka chisanu chinatha, ndipo ba Fidelis sankaloledwa ngakhale kukafunsa kuti kadzuka bwanji.