Mbaula ya Mkamwini

Mwana wa Alick ndi Yunisi anabwera msanga, kutatsala miyezi iwiri kuti nthawi yake ikwane. Kanali kamtsikana, kochepa ngati chinangwa chosenda, zala zake ngati timapesi ta mawere. Kuchipatala ku Mua anakasunga mpaka kanayamba kuyamwa kokha. Tsiku lotuluka anamwino anabwereza mawu amodzimodzi mpaka m'makutu kuwawa: mwanayu asazizidwe. Azikhala pachifuwa pa mayi ake, chipewa kumutu, nsalu yomanga bwino.

Ndiye munali mu Juni. Anthu akumtunda ku Dedza amaseka a ku Golomoti, ati kuchigwa n'kotentha, chisanu sachidziwa. Atsike adzagone kuno mwera ukamawomba, tidzaone ngati sadzapempha thumba la chimanga kuti afunde.

Alick anali mkamwini pamudzipo. Nyumba anamanga yekha pamalo a kwa mkazi wake: njerwa zootcha, malata, pansi simenti, mawindo agalasi. Ngakhale mipata ya pansi pa denga anatseka ndi njerwa, ati mileme ndi makoswe zisamachite msonkhano pamutu pake. Koma tsiku lomwe mwana anafika, apongozi ake, aNajere, analowa m'nyumbamo ndi mphasa yawo, nalamula ali chipenyere kukhoma.

“Khoma iwe, uwauze eni nyumba kuti mchombo wagwa, inde, koma mwanayu masiku ake a m'mimba sanathe. Chikuta chikadalipo. Mwamuna asaponde muno.”

Umu ndi mmene ankayankhulirana. Mpongozi ndi mkamwini sapenyana kumaso, ndiye aNajere mawu awo ankatuma khoma, chitseko, nthawi zina nkhuku ikamadutsa. Alick ankayankha ataweramitsa mutu, “Lamva khomalo, amayi.” Anatola bulangete lake n'kusamukira kukhitchini.

Sanawiringule, ndipo chifukwa chake mudzi wonse unkachidziwa. Mwana wawo woyamba, wamwamuna, anatupa miyendo n'kumwalira asanayambe kuseka. Pamaliro panalibe amene ananena mokweza, koma kumjigo amayi ankanong'onezana kuti bambo wake anamusempha, kuti anayenda kunja mwana ali wakhanda n'kubwera kudzamunyamula thupi lili lotentha. Alick, munthu amene ngakhale mbuzi yaikazi ankaipatukira panjira! Koma mawu a kumjigo sawabweza ndi lumbiro. Ndiye ulendo uno analumbira mumtima kuti mwanayu sadzamukhudza ngakhale ndi chala mpaka akuluakulu atanena. Kaya chichitike chotani, dzina lake lisadzamvekemo.

Chomwe chinamutsalira kuti achitire mwana wake chinali moto. Anapalasa njinga kupita ku Mtakataka kwa amayi oumba, nagula mbaula yadothi, ija yokhala ngati mtsuko wobooka pambali, ya zogwirira ziwiri. Mayi wogulitsa anaigogoda ndi chala kuti amve kulira kwake.

“Iyi yapsa bwino, achimwene. Koma ili ngati mkazi. Ikatentha musaithire madzi, imang'aluka. Phulusa muzichotsa m'mawa uliwonse. Ikachita mng'alu muimate ndi dothi la pachulu isanakwiye.”

Alick anaikulunga m'chiguduli, naimanga pakaliyala, ndipo pobwerera njinga sanaikwere. Anaikankha njira yonse, kuopa mabampu.

Kuyambira apo ntchito yake inali imodzi. M'mawa aNajere ankatulutsa mbaula pakhonde itazizira. Iye ankakhuthula phulusa, kuipukuta, kuiyang'ana mbali zonse padzuwa ngati akugula ng'ombe. Kamng'alu kanaoneka pafupi ndi chogwirira, anakamata tsiku lomwelo. Kenako ankasonkha moto panja, kudikira utsi uthe, ndipo pakatsala makala okhaokha ofiira, ankainyamula ndi sanza n'kuiika pakhomo. Ankatsokomola kawiri, n'kutembenuka. Kumbuyo kwake chitseko chinkatseguka, mbaula n'kulowa, chitseko n'kutsekeka. Mwana wake ankangomumva mawu, kakulira kakang'ono ngati kamphaka.

Nkhuni zinamuphunzitsa zambiri. Za mango zinkafuka, aNajere n'kutuma chitseko kuti chifunse ngati akamwini akufuna kuwamba anthu ngati mlamba. Mapesi a nandolo ankangoti lawi! n'kutha. Zitsononkho ndiye bodza lenileni. Nkhuni yake inali tsanya, koma tsanya masiku ano umupeza kuti, poti ootcha makala anamaliza kalekale? Alick anakumbuka chitsa chakale kumunda kwa malume a mkazi wake. Anachikumba ndi mizu yomwe, manja mpaka matuza, nachiwaza tizidutswa. Makala ake, inu! Ofiira ngati maso a chidakwa, opanda utsi ngakhale pang'ono, osazima msanga.

Yunisi ankamuyankhula pawindo, galasi lili pakati.

“Bambo, mwadya?”

“Ndadya. Nanga mlendoyo?”

“Akuyamwa. Ali ndi makutu anu, wosauka.”

“Amayi akuti chiyani za moto?”

“Akuti nkhuku ikuuzeni kuti tsopano mwayamba kukhala munthu.”

Tsiku limenelo Alick anawaza nkhuni akuimba.

Ndiye kunadza tsiku lija mwera unabwera ndi kamvula kowaza. Dzuwa silinatuluke. Mbuzi zinakana kuchoka m'khola. Kumudzi woyandikana nawo kunali maliro a munthu wamkulu, ndipo anthu onse, amayi ndi abambo, anapita kumeneko atafunda zitenje kumutu. Pamudzi panatsala Alick, a m'chikuta aja, ndi agalu.

Chakumasana aNajere anatulutsa mbaula.

“Chitseko iwe, kazizidwe ka lero si kamasewera. Mapazi a mwana achita ngati mwala wa mumtsinje. Auze adzaze, asaumire ngati akuthira shuga wa eni.”

Alick anadzaza. Anasankha zidutswa zonenepa za pamtima pa chitsa, nakupiza mpaka zonse zinasanduka makala, mbaula mpaka pakamwa. Anaiika pakhomo, natsokomola, natembenuka.

Zimene zinachitika mkatimo sanazione. aNajere anakulira m'nyumba yaudzu, momwe moto umagona pakati anthu n'kudzuka bwinobwino, chifukwa udzu umapuma. M'nyumba ngati imeneyo mdani ndi mphepo basi. Ndiye mayi aja anayamba kusaka mphepo. Pansi pa chitseko anatsekapo ndi chiguduli. M'mbali mwa windo anafinyiramo sanza ndi mpeni. Kabowo ka kiyi anakatseka ndi kachitsononkho. Atamaliza anakoka mbaula kufupi ndi mphasa, nakhala pansi wokhutira. Utsi munalibe, ndiye choopa chinali chiyani?

Kunja Alick anakhala pakhitchini akunola nkhwangwa. Ananola, nayesa pachala, nanolanso. Kenako anaima. China chake chinasowa pamudzipo, ndipo anayamba wafufuza kuti n'chiyani. Anali mawu a apongozi. aNajere sankatseka pakamwa ngakhale akutafuna. Akasowa womukalipira ankakalipira udzudzu. Koma tsopano nyumba inali zii.

Anapita pakhonde natsokomola. Chete. Anatsokomolanso, chifuwa chenicheni.

“Odi, amayi!”

Chete.

“Make mwana! Yunisi!”

Anazungulira kuwindo. Katani inali yotseka, galasi lachita thukuta mkati. M'mbali mwake munatuluka timichira ta sanza. Anabwerera kuchitseko, nagwada, naona chiguduli chitatseka mpata wonse. Anakumbuka alonda awiri a pasitolo ina amene anthu ankakamba, omwe anadzitsekera ndi mbaula chaka china kukuzizira, m'mawa n'kuwapeza atakhala bwinobwino ngati akugona, koma atamwalira.

Anathamangira kunyumba yoyandikana, kufuna munthu wamkazi woti alowe. Loko. Ina, loko. Anakuwa dzina la mlamu wake, mphepo n'kulitenga. Anabwerera pakhonde akupuma ngati galu.

Tsono apa ndi pomwe panavuta. Mwina angogona, anthu atopa ndi kulera. Akathyola chitseko n'kupeza ali bwino, walowa m'chikuta, ndipo mwana akadzangotsokomola mwezi wamawa, kumjigo kudzakhala msonkhano. Akapeza zoipa zachitika kale, adzati mkamwini analowa, mwana n'kupita, wachiwiri uyu. Dzanja lake linafika pachitseko n'kubwerera. Linafikanso.

“Khoma iwe,” anatero, “undikhululukire.”

Anabwerera m'mbuyo n'kuchimenya ndi phewa. Chitseko anapanga yekha, cha mlombwa, ndipo tsiku limenelo anadana ndi luso lake. Kachitatu mpiringidzo unathyoka.

Mpweya wa mkatimo unamumenya kumaso, wotentha, wolemera, wopanda fungo. Mbaula inali ngwee pakati pa chipinda. aNajere anali atatsamira khoma, mutu pambali, pakamwa yasa. Yunisi anagona chammbali pamphasa, dzanja lili pa kamtolo ka pachifuwa pake.

Anayamba ndi mbaula. Sanza sanazifune, anaigwira ndi manja. Anafika nayo pakhonde n'kuiponya pabwalo, ndipo inagwera m'chithaphwi. Inalira phu! n'kugawika pakati, makala akusisima m'matope. Anabwerera, nanyamula Yunisi ndi mwana yemwe, nawagoneka pakhonde pomwe mphepo inkawomba. Analowanso. Anaima pamaso pa apongozi ake kamphindi, munthu amene chikwatire sanawaonepo nkhope bwinobwino. Kenako anawagwira m'khwapa ndi m'miyendo, nawanyamula ngati mkwatibwi. Anali opepuka, mayi aja, pakamwa pokha ndi pomwe panali polemera.

Yunisi anayamba kusanza. Anatsegula maso, koma manja ake anali lende, osamvera.

“Mutu, bambo. Mutu ukung'ambika. Mwana... mwana ali kuti?”

“Ali pomwepo. Usadzuke.”

Alick anagwada. Mfundo ya nsalu inali itamasuka, kamwana katapendekeka, chipewa chitagwa. Mphepo ija imene inkadzutsa akuluakulu inali ikumenya pamutu pake. Anatambasula manja, naona kuti m'zikhatho khungu layera, latupa. Anawabweza. Anawatambasulanso.

“Mutengeni.”

Anali aNajere. Anali atadzuka, atakhala m'matope m'mphepete mwa khonde, duku lili pakhosi. Sanatume khoma, sanatume nkhuku. Ankamuyang'ana iyeyo, m'maso.

“Ndati mutengeni, Alick. Mayi akeyo thupi lazizira, ine manja akunjenjemera. Vulani malayawo.”

Anavula. Anatola mwana wake koyamba, ndi nsonga za zala poti zikhatho zinali moto. Sanalemere n'komwe. Maso anali otseka, milomo yotuwa. Anamuika pachifuwa, pakati penipeni, ndipo sanadziwe ngati kugunda kumene ankamva kunali kwa mwana kapena kwake.

aNajere anakwawa ndi mawondo. Anamasula chitenje chawo chapamwamba, nachizunguliza kumsana kwa mkamwini wawo, nakoka, namanga mfundo ndi mano. Anabwezera chipewa pakamutu kaja, naveka Alick jekete lake pamwamba, natseka mabatani okhotakhota.

“Ndinatseka ndine,” anatero. “Ndimati ndikutsekera mphepo.”

“Makala ndinadzaza ndine, amayi.”

“Khalani chete, mkamwini sayankha. Tamverani. Pitani naye ku Mua. Musapalase, manjawo sagwira chiwongolero, ndipo mungagwe naye. Pamsewu mukwere chilichonse chimene chiime. Mukatumize kabaza adzatenge Yunisi.” Anapuma, nagwira mutu. “Wina akakufunsani kuti mwana wa m'chikuta akutani pachifuwa pa mwamuna, mukati mfundoyo ndamanga ndine, Najere. Abwere adzandifunse kuno. Pakamwa ndili napo.”

Yunisi anakweza dzanja pang'ono, nagwira mwendo wa buluku la mwamuna wake, nausiya.

Alick anatsika pakhonde, nadutsa zidutswa za mbaula zikufukabe nthunzi. Sanathamange. Anayenda chowerama, msana kumphepo, mikono itazinga jekete, ngati munthu wanyamula mazira a eni. Njira ya kumsewu imadutsa m'minda ya thonje, ndipo munalibe munthu. Ankayankhula yekha, kapena tinene ankayankhula ndi mabatani.

“Mayi, ndine bambo ako. Uja wa moto uja. Usandichititse manyazi, wamva?”

Anapitirira mtengo wa mlambe, napitirira mjigo. Phokoso la galimoto linayamba kumveka kutsogolo.

Atatsala pang'ono kufika pa tala, anamva kanthu kakukanda pachifuwa, ngati nyerere. Anaima. Kanakandanso. Kenako china chofunda chinatsika pamimba pake, pang'onopang'ono, mpaka mu lamba. M'jeketemo munatuluka kamawu kokwiya, kakang'ono, kenako kokulirapo.

Minibasi inaima, kondakitala natsegula chitseko, naona bambo wamkulu wopanda malaya mkati mwa jekete, buluku lonyowa kutsogolo, misozi ili mbwee.

“Akulu, kwagwanji? Mwadzikodzera?”

“Wandikodzera,” anatero Alick. “Mwana wanga wandikodzera. Tiyeni ku Mua, ndipo windo limodzi mulisiye lotsegula.”