Nyenyeswa za Labala

Amuna ake ali moyo, mayiyu ankadana nalo buku lija. Linali lachikuto chobiriwira, la maphunziro khumi ndi awiri a kutsata Yesu, ndipo pansi pa funso lililonse panali mizere yoti wophunzira alembepo yankho. Loweruka lililonse masana bambowo ankatseka shedi yawo ya ukalipentala n'kupita nalo kutchalitchi, pensulo ili kukhutu. Iye ankawauza kuti angolikwatira bukulo, liziwachapira malaya.

Atawaika m'manda, analipeza m'thumba la jekete yawo. Analitsegula ndi mkwiyo, koma anakumana ndi zilembo zawo zopendekera zija. Pa funso lakuti ndani amene umavutika kumupepesa, iwo anali atalemba kuti mkazi wanga. Zaka makumi atatu m'banja, pepani sanatulukepo pakamwa pa bambo amenewo.

Mayiyu sukulu analekezera sitandade faifi, ndiye ankawerenga ndi chala, tsamba limodzi pa tsiku, akutukwana kwinaku akulira. Anafika pa phunziro lachinayi. Lachisanu linali la za m'banja, ndipo ankalisunga ngati sopo wotsiriza, kuopa kuti lingathe.

Tsiku lina atabwerako kotenga mankhwala kuchipatala, anapeza pashelefu pali mbee. Mlamu wake, amene anabwerera maliro koma osaganizanso zochoka, anati a Mlembi a mpingo anabwera kudzalitenga bukulo. Akuti ndi katundu wa mpingo, pali wophunzira watsopano akulidikira. Mlamuyo anawapatsa ndi manja awiri, mpaka kuwathokoza.

Mayiyo sanakhale n'komwe pansi. Lamulo la kalasi lija ankalidziwa bwino. Mabuku analipo asanu ndi awiri okha, choncho ankalembamo ndi pensulo basi, ndipo wina akathana nalo ankafufuta zonse kuti mnzake alembepo zake.

Anathamangira kutchalitchi, n'kukawapeza a Mlembi m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, atapinda manja a shati, labala ali m'manja, akung'ung'udza nyimbo. Patebulo ponse panali nyenyeswa zakuda.

“Mwafika pati?”

“Takulandirani, amayi. Khalani kaye pa...”

“Ndati mwafika pati, abambo?”

Anali atamaliza kufufuta phunziro la khumi ndi limodzi. Lotsirizalo linali loyera kale, malemu sanafikepo.

A Mlembi anayamba kufotokoza mofatsa, ngati akulankhula ndi wodwala. Anati ntchito yophunzitsa ena siima chifukwa cha maliro, bukulo ndi la Ambuye, ndipo malemuwo nawonso analilandira wina atawafufutira. Mayiyo anawadula.

“Chabwino. Ndiuzeni zimene analemba pa phunziro lachisanu. Pakamwa pokha, ndimva.”

A Mlembi anaweramitsa mutu. “Sitiwerenga, amayi. Zimenezo ndi za wophunzira ndi Mulungu wake. Ine ndimafufuta maso ali kumbali.”

Ananena izi monyadira pang'ono, ngati munthu amene wasunga bwino chinsinsi.

“Ndiye mwawaika kawiri amuna anga,” anatero mayiyo. “Koyamba kuja bola munandiitana.”

Analanda bukulo n'kupita nalo pawindo. Anapendeketsa tsamba uku ndi uku kufuna mikwasa ya pensulo. Koma miyezi yomaliza ija dzanja la bambowo linali litafooka, silinkadinikiza. Panangooneka kuti mizere yonse inali yodzaza, mpaka kusefukira m'mbali mwa tsamba. Anali ndi zambiri zonena, munthu wosalankhula uja.

A Mlembi anapempha kuti apemphere limodzi. Iye anangochoka pawindo paja. Anatenga envelopu ya chopereka pamulu umene unali pakona, n'kusesera nyenyeswa zonse zija mmenemo ndi m'mphepete mwa dzanja, ngakhale zimene zinagwera pa mpando. Anaimata ndi malovu.

Bukulo analisiya patebulo. Munalibenso chake.

Ali pakhomo anatembenuka. “Wophunzira wanuyo ali pa banja?”

A Mlembi anati inde, ndi bambo wa ana atatu.

“Mumuuze kuti zimene azilemba umo azikanenanso kunyumba. Inu mudzafufuta.”