Kawezulo ka pa Mpopi

Ku komboni ya Mabutweni madzi alibe ulemu. Amasowa osatsanzika, kenaka n'kutulukira anthu ali kutchalitchi. Koma a Newton Kamwendo, omwe anakalambira pa ntchito ya mapaipi, ankadziwa kuti madzi asanafike mumpopi mumayamba kutuluka mpweya. Ndiye anasula kawezulo kamkuwa komangirira kukamwa kwa mpopi. Mpweya ukangoyamba kankalira mosokosa, anthu n'kuthamanga ndi zigubu. Nyumba zambiri za mumsewu mwawo zinali nako, ndipo mkuluyo ankayenda modzimva.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa taye wochokera ku kampani ina ya mtauni. Ananena mwaulemu wozizira kuti kampani yawo yapempha patenti, chiphaso cha boma cha umwini, pa wezulo wa mtundu womwewo. A Newton asiye kupanga, apo ayi akaonana kukhoti.

A Newton anachita mantha, koma chomwe chinawawawa kwambiri n'kutchedwa wakuba pa chinthu chotuluka m'mutu mwawo. M'mawa mwake anakwera kombi ndi akazi awo, a Aida, kupita kwa Erica, loya, mwana wa malemu mnzawo wa kufakitale.

"Malume, indaba ili chonchi," anatero Erica m'Chichewa chake chotsimphina, chosakanikirana ndi Chindebele. "Patenti imaperekedwa pa chinthu chatsopano kuphela, chatsopano basi. Pali umboni woti kawezuloka kanaonekera poyera iwo asanapemphe? Wa deti, osati wapakamwa."

Apa a Newton anagwira mutu. Chaka chomwe anapanga kawezuloko, a Aida, omwe nkhani sigona m'kamwa mwawo, anakatengera ku msonkhano wa amayi a mpingo wa Lachinayi. Anajambulitsa kanema akukaonetsa, n'kumuika pa tsamba la mpingo la Fesibuku. A Newton atamva analusa mpaka kukana chakudya, ati anthu abera nzeru.

"Kanema analipo," anatero motsitsa mawu. "Koma ndinalamula ndekha kuti afufutidwe."

"Ndipo ndinafufutadi, bambo a Takondwa," anatero a Aida. "Ndinadina kachizindikiro kofufutira kaja mufoni mwanga inu mukuona."

"Mufoni mwanu, mama?" anafunsa Erica. "Nanga pa tsamba la mpingo?"

"Kodi n'zosiyana?"

Erica anangotembenukira pa kompyuta n'kuyamba kutsetsereka, kudutsa zithunzi za maukwati, za maliro, za kwaya. Mwadzidzidzi ofesi yonse inadzaza ndi kulira kwa wezulo. Si awo a Aida atavala yunifolomu ya mpingo, akumasula kawezulo ndi kulongosola za mkati mwake chimodzichimodzi, osasiyako kanthu! Pansi pake panali deti, lakale kuposa pempho la kampani ija.

"Yebo!" Erica anaomba m'manja. "Pempho lawo tikalitsutsa ndi uyu. Sangatenge umwini wa chinthu chomwe amayi a mpingo wonse anachiona kalekale."

A Newton anapuma mozama, thukuta likuuma pamphumi. Mtima unakhala m'malo.

"Koma malume, mumve bwino. Inunso patenti simungaitenge. Kanapita kale poyera. Aliyense angathe kupanga."

Mawu amenewo anawalasa a Newton, sitingabise. Anayang'ana zikhatho zawo zokakala.

"Nanga ine ndingapange?"

"Mpaka manja atatopa."

Atatsika kombi masana aja, anamva phokoso asanakhotere n'komwe mumsewu wawo. Madzi anali m'njira. Mawezulo anali kulira nyumba ndi nyumba, ena mokweza, ena mosasa mawu, amayi akuitanizana m'Chindebele ndi m'Chichewa, zigubu zikugundana. A Aida anakokera chitenje kuti athamange, koma amuna awo anawagwira dzanja pakati pa msewu.

"Zigubu zidikire, mayi a Takondwa. Tulutsani foni ija."

"Nditani nayo?"

"Jambulani kanema wa mawezulowa. Ndipo uyu musadzafufute, ngakhale nditanena ndine."